Choki Yolemera ndi Choki Yopepuka

Lolemba, 9 Juni

Nyali ya pamwamba pa makina achitatu yamwalira lero. Si imfa yadzidzidzi ayi, yadwala miyezi iwiri. Inayamba n'kuphethira ngati mkwatibwi wamanyazi, kenako kulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, ndipo m'mawa uno yatulutsa fungo la phula wopserera n'kuzima. Mwa nyali zinayi za m'shopu muno, yamoyo bwinobwino yatsala imodzi. Ziwiri zinazo zikuphethira mosinthana ngati zinachita kupangana.

Ndipo zasankha sabata iti? Ya mikanjo. Mikanjo makumi anayi ya omaliza maphunziro ku koleji. Nsalu yakuda, ulusi wakuda, ndipo akuifuna Lachitatu la sabata yamawa. Wailesi, amene amasoka pa makina achitatuwo ndipo pakamwa pake sipatsekeka, akuti tsopano akusoka mwa chikhulupiriro. Wamkulu wa tonse atatu ndi Achemwali. Angomanga kansalu pachipumi n'kumeza mapiritsi a mutu.

Ndasintha machubu, ayi. Ndasintha masitata, tizitini toyatsira machubu tija, ayi ndithu. Nzeru zanga za magetsi zathera pomwepo, ine mwana wa munthu amene anagwira ntchito ya magetsi zaka makumi atatu ndi zisanu.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndauza amuna anga. M'buku muno ndimawatchula kuti Akatswiri, chifukwa palibe chinthu chimene sachidziwa mpaka atachigwira. Aonera kakanema pa foni mphindi zinayi, n'kundiuza kuti vuto ndi balasiti, kabokosi kobisika m'kati mwa nyali, ndipo mawa abwera nayo yatsopano. Ndawafunsa ngati sayamba aona yakaleyo. Akuti zonse n'zofanana.

Masana amayi anaimba foni, ine n'kudandaula za nyalizo. Ndinamva mawu a bambo chakumbuyo: "Akuti chiyani? Akuti nyali?" Basi ndadziwa kuti mawa ndili ndi alendo.

Lachitatu, 11 Juni

Bambo afika teni koloko, malaya otsina, chikwama chawo cha zida m'manja. Polowa apereka moni kwa chidole chimene timavekapo madiresi pakhomo paja. "Muli bwanji, mayi?" Wailesi anaseka mpaka kugwetsa sizasi. Bambo nawo anaseka, n'kunena kuti chidolecho chili ndi ulemu kuposa anthu ena muno chifukwa sichiyankha akulu. Nthabwala za bambo zimenezo.

Anaima pansi pa nyali yakufayo, sanayang'ane n'komwe m'mwamba, anangonunkhiza. "Choki yapsa." Ndinati Akatswiri akuti ndi balasiti. Akuti balasiti ndi dzina lake la pa chikalata cha ubatizo, koma amene timakhala nayo timati choki.

Anandifotokozera ngati mwana wa sitandade wanu. Chubu n'chinthu chadyera, ukachisiyira magetsi onse chimadya mpaka kudzipha. Choki ndiye mayi wake, imachigawira pang'onopang'ono. Ukaika choki yaing'ono chubu chimafa ndi njala, ukaika yaikulu chimafa ndi kukhuta.

Pa makwerero anakana kukwera, akuti bondo. Anandituma kuzimitsa swichi yaikulu, n'kundiuza kuti ndiyese makina ngati akuyenda kuti titsimikize kuti magetsi azimadi. Kenako ndinakwera ndekha, iwo akulamula ali pansi ngati woyendetsa sitima. Ndinatsitsa chitsulo chakuda, cholemera ngati njerwa, phula atatuluka m'mbali.

Akatswiri anatulukira nthawi yopuma masana ndi kabokosi kawo, akumwetulira ngati abwera ndi mwana kuchokera kuchipatala. Bambo anakalandira, n'kukayeza kulemera m'dzanja.

"Apongozi, m'katimu muli chinthu, kapena anakugulitsani bokosi lokha?"

"Ndi zamakono, bambo. Sizilemera."

"Chabwino. Tawerengani zimene alembapo, ndione ngati sukulu inapindula."

Akatswiri anawerenga. Chubu chimodzi, mawati khumi ndi asanu ndi atatu. Bambo anandiuza kuti ndiwerenge pa chubu changa. Mawati makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, ndipo nyali iliyonse ili ndi machubu awiri. Bambo anangobweza kabokosiko ndi manja awiri, mwaulemu woopsa. Akatswiri akuti anawasocheretsa ndi wogulitsa.

Mikanjo isanu ndi iwiri yatha. Yotsala sindikufuna kuiganiza.

Lachinayi, 12 Juni

Lamulo la bambo: kukagula choki osatenga yakale kuli ngati kukagulira mwana nsapato utamusiya kunyumba. Choncho ndinanyamula njerwa yanga m'jumbo, ulendo ku sitolo ya zamagetsi.

Mwini sitoloyo anthu amamutcha Zonsezilipo, chifukwa ngakhale utafunsa phiko la ndege amayamba ndi mawu amenewo. Anatiyalira zinthu pa kauntala n'kuyamba ulaliki. Njira zilipo zitatu, akutero. Yoyamba, choki yolemera ngati yakaleyo, chubu chilichonse yake, ndi sitata yake. Imapirira magetsi akamavutavuta, koma imalira, imatentha ndipo imaphethiritsa. Yachiwiri, yopepuka ya masiku ano, imodzi kudyetsa machubu awiri, yosafuna sitata, yosalira, koma mawaya ake amalumikizidwa mwa mtundu wina. Yachitatu, kutaya zonse n'kuika nyali zina zosafuna choki n'komwe.

Pa yachitatuyo bambo anangotsokomola. Ine ndinaikananso, chifukwa ndili ndi katoni yathunthu ya machubu atsopano imene Akatswiri anandigulira chaka chatha, akuti zinthu zimenezi zisowa.

Ndinaganiza kuti titha mphindi khumi. Ha!

Bambo anagwira iyi, kuisiya. Kugwira iyo, kuigogoda ndi chikhadabo, kuiika kukhutu. Akuti magalasi aiwala kunyumba. Anatola bokosi lina n'kuyamba kuliyamikira, akuti izi ndiye zinthu, zolemera ngati zakale. Zonsezilipo anandiyang'ana, kenako n'kunena chapansipansi kuti imeneyo, bambo, ndi ya nyali zazikulu za m'misewu. Bambo akuti akudziwa, amafuna aone ngati wogulitsayo ndi woona mtima.

Kenako: "Tiyeni. Tibwera mawa. Chinthu chofunika sagula tsiku limene wachiona."

Ndinatsala pang'ono kulira pomwepo. Panjira ndinawauza kuti ine ndili ndi mikanjo ya eni, si nthawi yoyesa mitima ya ogulitsa. Anayankha kuti kuthamanga sikufika. Ndinati nanga kuima n'kufika? Tinasiyana mosakondwa.

Lachisanu, 13 Juni

Bambo sanabwere. Amayi akuti bondo lija.

Takokera makina awiri pakhomo kuti tigwiritse ntchito dzuwa, ndiye tsopano tikusoka ngati chionetsero. Aliyense wodutsa ali ndi maganizo pa nyali zathu. Wometa wa khomo loyandikana akuti n'zamizimu. Wogulitsa mafoni akuti mlamu wake amadziwa.

Achemwali alumikiza dzanja la mkanjo chadodolido, anthu amene asoka zaka makumi awiri osasula msoko. Pomasula ndinawaona akupukuta m'maso. Akuti ndi kuwala kwa panja. Wailesi wadzibaya chala ndi singano, ndipo mudzi wonse wamva.

Mayi wa ku koleji waimba kufunsa ngati zonse zili bwino. Ndati zili bwino kwambiri.

Loweruka, 14 Juni

Akatswiri anakabweza kabokosi kaja n'kubwera ndi kena. Ulendo uno machubu awiri alembapo ndithu, koma ndi ka machubu owonda aja, osati onenepa ngati athu. Ndinawaonetsa. Akuti chubu ndi chubu, kunenepa si nkhani.

Anakwera okha. Foni m'dzanja lina, kakanema kakuyankhula, waya m'kamwa. Ndinawafunsa ngati aona chithunzi cha mawaya chimene ajambula pa kabokosiko. Akuti zithunzi ndi za anthu oyamba kumene. Atamaliza anandiuza mwa ufumu kuti ndiyatse swichi yaikulu.

Phwaa! Mdima. Osati muno mokha, mzere wonse wa mashopu. Wometa anatulukira ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi, nsalu ili m'khosi. Mawu amene ananena sindilemba, buku lino ana angadzaliwerenge. Magetsi anabwerera patapita maola awiri, woyang'anira nyumbayi atabwera kudzakonza ku bokosi lalikulu ndi kutilalatira.

Akatswiri akuti nyumbayi anailumikiza molakwika kuyambira kale.

Lamulungu, 15 Juni

Ndinapita kwa makolo masana, mtima uli m'mwamba, mawu nditakonzeratu: bambo, ngati simukufuna kundithandiza nenani, ndipeze wamagetsi wina.

Ndinawapeza pakhonde. Nditawauza za Akatswiri ndi mzere wa mashopu, anaseka mpaka kutsamwa, n'kundiuza kuti ndibwerezenso pa wometa paja. Bondo linaoneka kuti lili bwino ndithu. Magalasi oiwalika aja anali m'thumba la malaya.

Amayi anabweretsa tiyi. Bambo ananyamula ketulo kuti adzithirire, ndipo mlomo wa ketuloyo unaloza pambali pa kapu. Amayi, akupitiriza kundifunsa za ana, anangokankha kapuyo ndi chala chimodzi mpaka inafika pansi pa mlomowo. Tiyi analowa bwinobwino. Palibe anayang'ana mnzake. Zinaoneka kuti si koyamba, kapena kachikhumi.

Mawu anga okonzeratu aja anandithawa.

Ndinawatsatira amayi kukhitchini n'kutseka chitseko. Sanadikire kuti ndifunse.

"Ndi ng'ala. Maso onse awiri. Chaka chino n'chachiwiri."

Akuti amaona ngati munthu woyang'ana kudzera m'galasi la bafa. Anthu amawazindikira ndi mawu. Nyuzipepala amawawerengera ndi amayi, iwo n'kumanamizira kuti amakonda mawu awo. Kuchipatala amakana, akuti munthu amene waunikira theka la tauni sangakaime pamzere wa osaona. Ndipo akuopa mpeni m'diso, ngakhale sanena.

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. Akuti bambo anawalumbiritsa.

"Tsiku lija unadandaula za nyali pa foni, anapukuta zida zawo zonse chimodzichimodzi. Palibe amene anawafunsapo za magetsi chiyambire chaka chino. Koma atafika m'sitolo muja anazindikira kuti akasankha, mawa lake ayenera kukwera n'kulumikiza. Ndiye wati asankhe bwanji?"

Ndinakumbukira chidole chija, ndi mmene tinasekera. Ine ndinaseka kuposa Wailesi.

Amayi akuti ndisaonetse kuti ndadziwa. Ndinatuluka n'kukamwa tiyi wanga, n'kuwauzanso bambo za wometa kachitatu.

Lolemba, 16 Juni

Ndinakawatenga ndekha m'mawa. Ndinati, "Bambo, ndatopa kudalira amuna pa nkhani ya nyali. Ndikufuna mundiphunzitse. Kuwerenga ndiwerenga ine, kukwera ndikwera ine, inu muzingondikalipira." Ananena kuti kukalipa akutha.

Kwa Zonsezilipo ndinaima pa kauntala ngati mwana wa sukulu. Bambo amafunsa, ine kuwerenga mokweza.

"Machubu angati?"

"Awiri."

"Mawati?"

"Makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, chilichonse."

"Onenepa kapena owonda?"

"Onenepa, ngati athu."

"Mphamvu ya magetsi olowa ikufanana ndi imene yalembedwa pa yakaleyo?"

Ndinayang'ana pa njerwa yanga, kupala phula ndi chikhadabo. Ikufanana.

"Utali wake? Ikalowa m'nyali, kapena tikaipachika kunja ngati mbendera?"

Ndinatulutsa tepi yanga yoyezera anthu m'chiuno. Ikalowa.

Zinatsala ziwiri pa kauntala, yolemera ndi yopepuka, zonse zoyenera. Ndinali nditatambasula kale dzanja kuti nditenge yolemerayo, poti bambo ndimawadziwa. Iwo anaika dzanja pa yolemerayo, kuisisita ngati galu wakale, kenako n'kukankhira yopepukayo kwa ine.

"Tenga zinayi za izi. Usinthe nyali zonse."

Zonsezilipo anatsegula pakamwa. Inenso.

"Yolemerayi ndi yabwino, idzakuika m'manda ikadali yamoyo," anatero bambo. "Koma imaphethira ngakhale pamene iwe ukuganiza kuti sikuphethira. Diso limamva. Anthu ako akusoka chakuda pa chakuda tsiku lonse. Usawaonongere maso."

Zonsezilipo anati nayenso ndi zimene amafuna kunena.

Masana tinatseka shopu kwa maola awiri. Swichi yaikulu pansi, kuyesa makina, zii. Ine pamwamba pa makwerero, Achemwali atagwira miyendo yake, Wailesi akupereka zida ndi ndemanga. Bambo anakhala pa mpando wa makasitomala, chipewa pa bondo. Ndimawafotokozera chithunzi cha pa kabokosiko mzere ndi mzere, iwo akuchijambula ndi chala pa tebulo lodulira nsalu.

"Masitata chotsa, ntchito yawathera, apume ngati ine."

"Mawaya a magetsi olowa ali kumanzere, awiri. Wawaona? Usawasokoneze ndi opita ku machubu, ungatiitanire wometa."

"Kokapo pang'ono. Ukasolokoka ndiye kuti sunagwire. Waya samangidwa ndi pemphero."

Nyali yoyamba inanditengera mphindi makumi anayi ndi chikhadabo chimodzi. Pa yachiwiri ndinawatsitsira kuti akhudze mmene ndalumikizira. Zala zawo zinayenda pa mawayawo mofulumira kuposa maso anga, n'kupeza umodzi umene ndinausenda kwambiri, mkuwa uli poyera. Anandikalipira mokoma mtima. Yachinayi ndinaimaliza ndikuimba nyimbo.

Ndinakweza swichi yaikulu. Wailesi anakanikiza ya pakhoma.

Zonse zinayi, nthawi imodzi, mbee! Popanda kuphethira, popanda kulira, popanda kaphokoso ka sitata kaja. Ndinaona fumbi pa mashelefu limene sindimadziwa kuti ndili nalo. Tonse atatu tinangoti kukamwa yasa, kuyang'ana m'mwamba.

Bambo anali atapendeketsa mutu, khutu lili kudenga, kudikira. Dzuwa la pakhomo linali likuwawomba kumaso. Anadikira, anadikira.

"Zayaka?" anafunsa chapansipansi.

Wailesi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Chiyambire kumudziwa.

"Zayaka, bambo," ndinatero. "Zonse."

"Eya. Ndimafuna ndimve kwa iwe."

Anavala chipewa, kunyamula chikwama chawo. Achemwali anawaperekeza mpaka pokwerera basi, akuti amafuna kukagula ulusi. Ulusi tili nawo wodzaza kabati.

Lachiwiri, 17 Juni

Mikanjo khumi ndi inayi tsiku limodzi. Achemwali amasula kansalu ka pachipumi. Akatswiri anadutsa, kuyang'ana m'mwamba, n'kunena kuti ndi zomwezo zimene iwo amafuna kuchita Loweruka.

Lachitatu, 18 Juni

Yapita yonse makumi anayi. Mayi wa ku koleji akuti m'shopu mwanga mukuwala ngati m'chipatala. Ndinangoti zikomo.

Lachinayi, 19 Juni

Ndikutsegula shopu m'mawa, ndinapeza bambo ataima pakhomo. Jekete ya ku maukwati, nsapato zopolisha, chikwama cha zida palibe.

"Ukudziwa pamene pali chipatala cha maso?"

Ndinati ndikudziwa.

"Pali mnzanga wina akufuna kukaonetsa. Ndati ndikamuonere kaye njira." Anakanda chibwano. "Mnzangayo ndi ine. Koma amayi ako asamve. Ndawauza kuti ndikukayendera ntchito yako ya mawaya. Za ulendo uno sadziwa kanthu, ndipo angade nkhawa."

Ndinasiyira Achemwali makiyi. M'basi sitinayankhule zambiri. Anandifunsa ngati n'zoona kuti munthu amakhala ali maso pamene akumuchita opaleshoni. Ndinati sindikudziwa, tikafunsa. Anafunsanso ngati madokotala ake ndi achikulire kapena ndi ana a makanema a pa foni ngati apongozi.

Tinafika anthu atadzaza kale pa mabenchi. Ndikuyang'anayang'ana pokhala, ndinaona chikwama chimene ndimachidziwa chitaikidwa pa benchi yachiwiri kutsogolo, ndipo pambali pake mwini wake, atavala diresi imene ndinawasokera chaka chatha.

"Mwachedwa," anatero amayi. "Ndakusungirani malo kuyambira sikisi koloko. Atsala anthu atatu."

Bambo anaima chilili pakati pa njira, anthu akuwalambalala.

"Wawauza ndiwe?" anandifunsa.

"Sanandiuze munthu," anatero amayi. "Jekete ya ku maukwati kukaonera mawaya? Pisani m'thumba lamkatilo. Kabuku kanu ka kuchipatala ndakuikirani momwemo."

Bambo anapisa. Anakatulutsa, kukatembenuza uku ndi uku, n'kukabwezeramo. Amayi anachotsa chikwama pa benchi n'kumenyapo ndi dzanja kawiri kuti amve pamene pali malowo.

Anakhala pansi.